Kinta Si Lachisanu

Ku msonkhano uja wa kunja kwa dziko anatikhazika mwadala ndi anthu amene ntchito zathu sizifanana. Ine ndinapitako ngati wa zaulimi, wochokera ku Furancungo, ku Mozambiki, kumene ndimayendera alimi pa mota, njinga yamoto ija, ndipo ndinkayembekeza kukakhala ndi anzanga odziwa za nthaka ndi mbewu. Ayi ndithu. Patebulo pathu panali mnyamata wa masamu wochokera ku Asiya, dotora wa matenda a ana wochokera kumadzulo kwa Afirika, mtsikana wophunzira za mvula ndi mphepo, komanso mayi wa msinkhu wanga wovala juzi yobiriwira, amene ankangolemba osadzutsa mutu. Tonse tinali ongoyamba kumene ntchito ya kafukufuku. Akuluakulu amene anatiitana anati pofika tsiku lomaliza, tebulo lililonse likhale litapeza funso limodzi loti munthu mmodzi sangaliyankhe yekha.

Chingerezi changa ndi cha m'mabuku. Ndikamawerenga ndimamva bwino, koma anthu akayamba kuthamangitsa mawu ndimatsalira m'mbuyo, ndipo ine ndikatsalira ndimapsa mtima. Masiku oyambawo ndinkangogwedeza mutu. Ndinkadzifunsa kuti ndakwereranji ndege koyamba m'moyo wanga, kudzangokhala duu pakati pa anthu?

Tsiku lina, makina ozizitsa chipinda atatizunza mokwanira, ndinamva mayi wa juzi uja akudandaula yekha chapansipansi: "Iii, koma kuzizira kwa muno kutipha ndithu."

Ndinamugwira mkono ngati ndagwira wakuba. "Mwati chiyani?"

Anadzidzimuka, kenako anaphulika kuseka mpaka wotsogolera zokambirana anatiyang'ana. Kwawo kunali ku Ntcheu. Nditamuuza kuti kwathu ndi ku Tsangano, anafunsa kuti, "Tsangano wake uti, wathu kapena wanu?" Ndinamuuza kuti wathu, wa ku Mozambiki, ngakhale kuti ndinabadwira mbali yawoyo makolo anga atathawa nkhondo, ndipo ndinabwerera kwathu ndili kumsana. Iye anali woyeza ziphe m'zakudya. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti asisi, ine ndinkamutchula kuti mana, ndiye kuti mchemwali, monga timachitira kwathu, ndipo zimene zinkandidutsa m'Chingerezi ankandinong'oneza m'Chichewa.

Ankaseka kalankhulidwe kanga. Ine ndikati shikola, iye amati sukulu. Ine ndikafika pa manambala ndimalumphira ku Chipwitikizi osadziwa n'komwe. Zinamukomera, moti pa nthawi ya tiyi ankandiumiriza kuti ndimuphunzitse kuwerenga: purimeira, sigunda, terseira, kwarta, kinta. Choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi, chachisanu. Mutu wake unali wogwira msanga, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndine mphunzitsi wabwino.

Funso lathu linachokera kwa dotora uja. Anati chuku amene amamera m'chimanga chosungidwa amasiya chiphe chosaoneka ndi maso, chimene chimaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mtsikana wa mvula anati angathe kuonetsa kumene mvula inachedwa kusiya chimanga chili kale chouma. Mana anati angathe kuyeza chiphecho. Mnyamata wa masamu anati angathe kulumikiza zonsezi, koma akufuna chimanga cha m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, cha chaka chimodzi. Onse anatembenukira kwa ine. Aka kanali koyamba kuti tebulo lonse lidikire mawu anga, ndipo ndinavomera ndisanaganize n'komwe.

Wa masamuyo anawonjezera kuti ngati za ku Macanga, boma limene ndimagwirako ntchito, sizipezeka mvula isanayambe, alemba ndi za ku Malawi zokha, ndipo ine ndikhala ndilibe chochita m'gulumo. Sananene mwankhanza, kungoti anthu a masamu sadziwa kuzungulira. Koma mawu amenewo ndinabwera nawo mpaka ku Furancungo, ndipo sanandilole kukhala pansi. Kuntchito kwathu kulibe chipinda choyezera. Gulu limeneli linali khomo lokhalo londitulutsa pa ntchito yongowerenga mahekitala ndi kunditengera ku kafukufuku weniweni. Ndinkalifuna, ndipo ndinkaopa kulitaya.

Tinkakumana pa telefoni. Rede, netiweki ija, ikadula, ndinkatuluka panja n'kumazungulira bwalo la ofesi telefoni ili m'mwamba, alonda akundiseka. Pomaliza mana analoledwa kuwoloka malire kamodzi kokha ndi kamakina koyezera. Timapepala take sitipirira kutentha, choncho tinkayenera kuyenda m'kolimani, bokosi losunga kuzizira, yodzaza jelu, madzi oundana aja, ndipo jelu wa mwezi wotentha wa Otubru, Okutobala, sachedwa kusanduka madzi. Tinali ndi tsiku limodzi basi.

Ndinasankha mudzi wina wa ku Chidzolomondo kumene nyumba ndi zotalikirana, ndipo nthawi imeneyo aliyense amakhala kudimba kuthirira mbande za fodya. Kusonkhanitsa anthu kumeneko si masewera. Tsiku lokhalo limene amayi amapezeka pamodzi ndi Kinta, limene amakumana kutchalitchi kupemphera ndi kuyendera odwala. Ndinapita kwa mtsogoleri wawo, mayi wamasiye wachikulire amene akulera adzukulu, ndipo ndinagwada n'kufotokoza zonse.

"Mwana wanga, abweradi?" anandifunsa. "Anthu a magalimoto atisonkhanitsapo kambiri, ife n'kumangouma padzuwa."

"Amayi, uyu si wa magalimoto. Ndi mnzanga, amalankhula ngati ife. Akapanda kubwera, musadzandipatsenso moni."

Kenako anati apereka tsiku la mapemphero, ndipo auza mayi aliyense abwere ndi chimanga cha m'nyumba mwake.

Uthenga ndinautumiza ndili pamsika wa Tsangano, nditapita kukaona makolo, pakati pa matumba a mbatata ya kachewere ndi phokoso la ma shapa, maminibasi athu, oitana anthu. Ndinaulankhula ndi pakamwa: "Mana, zatheka. Bwerani pa Kinta sabata yamawayi, m'mawa. Wa mota akakudikirani pamalire." Yankho silinachedwe: "Purontu, asisi! Pa Kinta ndafika. Mwaona mmene ndachidziwira Chipwitikizi?" Ndinaseka ndekha pamsikapo. Wa mota ndinamupatsa nambala yake kuti azimvana okha, ine n'kutsogola kumudzi kuja, kumene rede sifika.

Pa Kinta amayi anayamba kufika dzuwa lisanatenthe, atavala malaya oyera a mpingo, mabeseni pamutu. Ena anachokera kutali kwambiri moti mapazi anali ofiira ndi fumbi mpaka m'akakolo. Anakhala pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi tchalitchi. Ndinayamba kuyendayenda kusuzumira m'mabeseni, ndipo mtima unagwa. Chimanga chonse chinali choyera mbee, chosankhidwa njere ndi njere. Ndinali nditanena kuti abwere ndi chimene amadya, koma ndi mayi uti anganyamule chowola kukaonetsa mlendo wochokera dziko lina, anzake onse akuona? Chimanga chosankha chotere sichinali chimene tinkafuna. Ndinadzitonthoza kuti mana akafika tiona chochita.

Sanafike. Phokoso lililonse la mota linkandidzutsa, koma ankakhala wina wonyamula makala kapena mbuzi. Amayi anaimba nyimbo imodzi, inzake, inanso. Ndinathamangira pakaphiri kamene anthu amati nthawi zina rede imagwira, ndinakwera pamwala, ndinatembenukira kum'mawa, kumadzulo, telefoni inangoti zii. Ndinatsika, ndinakweranso. Minga inanding'ambira chitenje. Ndinkatukwana chamumtima aliyense: mana, wa mota, mnyamata wa masamu, ngakhale akuluakulu amene anaganiza zosonkhanitsa anthu a m'maiko osiyana patebulo limodzi. Amakhala kumene telefoni imagwira paliponse, angadziwe chiyani?

Dzuwa litapendeka, mthunzi wa mango unali utasamuka ndipo amayi ankasamuka nawo. Ana a kumsana anayamba kulira. Mayi wina ananena mokweza, osandiyang'ana, kuti mbande zake zagona ndi ludzu chifukwa cha enjinyera, kutanthauza ine. Wina anayankha kuti mwina mlendoyo akubwera wapansi kuchokera ku Malawi. Anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Kenako mmodzimmodzi anasenza mabeseni awo. Mtsogoleri uja anaima panjira n'kumapepesa aliyense pomugwira dzanja, mayi wamkulu ngati ameneyo kupepesa chifukwa cha ine. Tikubwerera kunyumba kwake, kumene ndinkagona, anangonditsogolera njira modekha. Ndikanakonda akanandikalipira.

M'mawa mwake ndinali kumanga chikwama kuti ndizipita. M'mutu ndinali nditakonza kale mawu oti ndikauze gulu kuti ndalephera, ndi ena owawa kwambiri oti ndikauze mana. Ndiye ndinamva mota ikulowa pabwalo. Kumbuyo kunali munthu wofiira ndi fumbi kuyambira tsitsi mpaka nsapato, atakumbatira kolimani pamiyendo, mano onse pamtunda.

"Asisi! Msewu wanuwu ndi wa ziwanda, koma ndafika! Pa Kinta penipeni!"

Epa, magazi anandikwera kumutu. "Kinta yake iti? Lero ndi Seshta!"

"Lero ndi Lachisanu."

"Eya, Seshta! Anthu anakudikirani dzulo tsiku lonse, padzuwa, ndi ana kumsana! Mwandiyalutsa ine, mwayalutsa amayi awa, ndiye mukubwera mukuseka?"

Kuseka kunathera pomwepo. Anatsika pa mota, anaika kolimani pansi, n'kuyamba kupinda zala pamaso panga. "Purimeira, sigunda, terseira, kwarta, kinta. Munandiphunzitsa nokha. Kinta ndi chisanu. Tsiku lachisanu ndi Lachisanu. Ndalakwitsa pati?"

Pa Chipwitikizi masiku amayamba kuwerengedwa pa Lamulungu, choncho Lolemba ndi Sigunda, ndipo Kinta imagwera pa Lachinayi. Ife kwathu timangotchula maina amenewa ngati maina a anthu, osamva nambala imene ili m'kati mwake. Chibadwire changa ndinali ndisanaganizepo kuti mu Kinta muli chisanu. Iye, ndi nzeru zake zonsezo, anachimva chisanucho, nachikhulupirira. Wa mota uja naye anauzidwa ndi mana m'Chichewa kuti Lachisanu, ndiye anangoganiza kuti tasintha tsiku.

"Bwanji simunafunse?" ndinakuwa.

"Bwanji inu simunanene m'Chichewa?" anakuwanso. Maso ake anali atadzaza misozi, ndipo anga nawonso. Tinaima pamenepo akazi awiri ophunzira, tikukalipirana pabwalo la eni, nkhuku zikuthawa.

Amayi otsogolera mpingo aja anali pakhonde akusenda nyemba, ndipo anamva zonse. Anaika lichero pambali n'kunena kuti, "Ndiye alendo athu ndi amenewa? Apatseni mpando, ayambe afika." Mana anagwada, anapereka moni, anapepesa mpaka mawu kumuthera. Iwo anamvetsera modekha. Kenako anati, "Ndamva, mwana wanga. Kulakwitsa tsiku si kuba. Koma amayi sindiwaitananso. Pakamwa panga panathera dzulo."

Ndinakhala pansi padothi. Mana anatsegula kolimani kuona jelu, ndipo theka anali atasungunuka kale. Ndinamuuzanso za mabeseni a chimanga chosankha aja. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye tikatape m'nkhokwe momwemo, nyumba ndi nyumba."

"Mwapenga?" ndinamunong'oneza. "Ngakhale kwanu mumatero?" Ankadziwa bwino lomwe. Mlendo sasuzumira m'nkhokwe ya mwini. Kutero ndi kumuwerengera munthu njala yake, kudziwa mwezi umene adzayambe kupempha. Ndipo ife tinali anthu oti dzulo lomweli taumitsa mudzi wonse padzuwa.

Amayi aja anatimva. Anayang'ana nkhokwe yawo, imene inali kuseri kwa khitchini, anayang'ana kolimani, n'kunena kuti, "Madziwo asathere chabe. Kwerani mwanga."

Ndinakwera makwerero n'kutsikira m'kati. Munali kutentha, ndi kafungo kaja ka chinyezi chakale. Ndinatapa zitsononkho za pamwamba, za pakati, ndi za pansi zimene ndinachita kufukula ndi manja. Zambiri zinkaoneka bwinobwino. Zina zinali ndi njere zotuwa kunsonga, kumene anankafumbwe anaboola. Tinatongola, mana anapera ndi kachigayo kake ka m'manja, anasakaniza ufawo ndi mankhwala m'kabotolo, anakhutchumula, anaviika kapepala n'kukalowetsa m'kamakina. Ine sindinathe kudikira nditakhala. Ndinazungulira nkhokweyo kangapo ngati nkhuku yofuna poikira.

"Asisi, tabwerani!" Nkhope yake inali itawala. Chiphe chinali chitapitirira kutali muyezo umene munthu amaloledwa kudya. Ndinene zoona zake, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Zimene tinaganiza patebulo lija zinali zenizeni, zinali pano, m'manja mwathu.

"Mwapeza chiyani chokusangalatsani?" anafunsa amayi aja.

Chimwemwe chija chinazimiririka. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, m'mawu osazungulira: za chuku, za chiphe chosaoneka, za chiwindi, za ana osakula bwino. Anamvetsera manja ali pachibwano. Anafunsa ngati kuphika kumachipha, ndipo mana anati ayi. Kenako analowa m'nyumba, anatuluka atamanga chitenje china ndi mpango kumutu.

"Tiyeni," anatero. "Ngati ndi mwanga mokha, ndi uve wanga. Ngati ndi mudzi wonse, ndikufuna ndidziwe."

Anatitsogolera okha. Tinayenda tinjira ta m'minda yogalauza, kolimani tikulandirana, dzuwa likuwotcha pamutu. Pakhomo lililonse anthu ankationa nkhope zili gwa, koma amayi aja ankayamba ndi iwo kulankhula: "Ayamba mwanga. Mwapezeka chiphe. Atsegulireni." Mayi wamkulu wa mpingo kudziulula chotero, pakhomo ndi pakhomo, ndani akanakana? Ngakhale uja wa mbande zogona ndi ludzu anatigwirira makwerero, ngakhale kuti anandiuza kuti ndikathyola nkhokwe yake ndimanga ina. Ine ndinkakwera ndi kutapa, mana ankapera ndi kuyeza, ndipo sitinakhale pansi ngakhale kumwa madzi. Nkhokwe zina zinatuluka zabwino. Zambiri ayi. Nthawi iliyonse amayi aja ankafunsa yankho, n'kugwedeza mutu, n'kuloza nyumba yotsatira.

Pamene kapepala komaliza kankalowa m'makina, m'kolimani munali madzi ofunda okhaokha. Mana anayang'ana zonse zimene tinapeza, anandigwira phewa n'kunena kuti, "Zakwana, asisi. Macanga walowa. Wa masamu uja alibenso chonena, simukuchoka m'gulu." Ndinali nditapeza chimene ndinkachifuna miyezi yonseyi, ndipo ndinkangolakalaka kufika pamene pali rede kuti ndiwauze onse.

Titabwerera kunyumba, adzukulu awo anali pabwalo akutidikira, thumba lopanda kanthu lili pambali, poti m'mawa mwake linali tsiku lopita kuchigayo. Wa mota anali atayamba kale kung'ung'udza kuti tichedwa. Tikumangirira katundu, amayi aja anabwera n'kuima pafupi nafe.

"Tsopano mwaona, ana anga. Nanga nkhokwe yangayi ndiichite chiyani?"

Mana anayankha bwino, monga anaphunzirira. Anati asankhe chimanga chonse, ataye chotuwa, chobooka ndi chofota, asapatse ngakhale nkhuku, ndipo chaka chamawa aumitse bwino asanalowetse m'nkhokwe. Anawonjezera kuti kusankha kumachepetsa chiphe, koma sikuchichotsa chonse.

"Ndamva," anatero amayi aja. "Chaka chamawa ndidzatero. Koma ndikataya chonse chimene mukunenachi, nkhokwe iyi itha Natale, imene inu mumati Khirisimasi, isanafike. Ndiye kuyambira pamenepo mpaka chimanga chachiwisi, anawa adye chiyani?"

Mana anandiyang'ana ngati kuti pali liwu lina loti ndimumasulire. Panalibe. Tonse awiri tinamva bwinobwino. Ndinaganiza za tebulo lathu lija, dotora, wa mvula, wa masamu, wa ziphe, ndi ine wa zaulimi, ndipo sindinapeze ndi mmodzi yemwe woti ndimutengere funso limeneli. Ndinayamba kunena kuti tikakambirana ndi anzathu, koma ndinadzimva ndekha mmene zikumvekera, n'kusiyira panjira.

Anadikira yankho kanthawi ndithu, akutiyang'ana mosinthanasinthana. Kenako anatithokoza chifukwa cha ulendo, anatifunira kuyenda bwino, anatenga thumba lija n'kukwera makwerero kukatapa chimanga cha kuchigayo.